Ola Limodzi ndi Apongozi M'nyumba ya Mfiti

M'kabati mwathu muli buluku langa lakuda limene akazi anga amakana kuti lipite kwa telala. Akuti likhale momwemo ngati umboni. Ine ndikangoliona makutu amanditentha, ndiye ndaganiza zoulula ndekha nkhani yonse ena asanaithire mchere, pakuti amene anaona ndi ambiri ndipo ena mwa iwo anajambula.

Poyamba mudziwe kuti ine ndinali mkamwini wa mwambo. Ndakhala pabanja zaka khumi ndi chimodzi, ndipo kufikira tsiku limene ndikunenali ndinali ndisanawayang'anepo kumaso apongozi anga aakazi. Kwathu ku Mitundu anatilera choncho. Mkamwini ndi apongozi amaopana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, moni umaperekera patali utanyonyomala nkhope ili kumbali, ndipo ngati pali mawu amadzera mwa munthu wina. Apongozi akabwera kwathu kuchokera ku Nathenje, ine ndinkalowera khomo lakuseri. Anzanga a m'tauni muno zimenezi anazisiya kalekale, koma ine ndinazigwira ndi manja awiri, ndipo chifukwa chake sindikubisirani.

Mng'ono wawo wa akazi anga anakwatiwa ndi a Wongani, bwana wa m'boma, nyumba ya mpanda ku Area 10, galimoto ziwiri, agalu odya bwino kuposa ine. Ndi munthu wabwino, sindinganame. Koma iwo apongozi amawapatsa moni wa dzanja, nthawi zina kuwakumbatira kumene, n'kumawaitana kuti "Mami". Ine ndimagwira ntchito pa kampani kakang'ono kosindikiza makadi aukwati ndi makalendala ku Area 2, ndipo ndimayenda pa minibasi. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yanga ine inali ulemu. Akazi anga anandiuzapo kuti kumudzi apongozi amauza anzawo kuti, "Wa ku Area 10 ali ndi zinthu, koma wa mwana wanga wamkulu ali ndi mwambo." Mawu amenewo ndiwo anali galimoto yanga. Ndikanalola kutaya chilichonse koma osati dzina limenelo.

Tsono mwana wathu Chisomo ankakwanitsa zaka khumi, ndipo apongozi anabwera kudzasangalala nafe. Lachisanu ndikuchokera kuntchito akazi anga anandilandira ndi nkhani.

"Mawa tikupita ku City Centre. Kwatsegulidwa malo ena, amati esikepu rumu. Amakutsekerani m'chipinda ola limodzi, inu n'kumafufuza makiyi ndi manambala mpaka mutatuluka."

"Kutsekeredwa dala? Anthu akulira kupolisi kuti awatulutse, inu mukufuna kukapempha kuti akutsekereni?"

"Ndi masewera, bambo a Chisomo. Ana amawakonda. A Wongani akubweranso ndi akazi awo ndi ana awo awiri. Ndipo amayi akupita nawo."

Ndinavomera, poganiza kuti pagulu la anthu asanu ndi atatu mkamwini sangasowe pobisala. (Tsoka silinunkha. Likanakhala lonunkha ndikanadwala mutu m'mawa wa Loweruka limenelo.)

A Wongani anatitenga pa galimoto yawo yaikulu ija. Apongozi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni ndi ana, maondo ali pachibwano, mtima uli m'malo. Loweruka masana ku City Centre kumangokhala alonda ndi akhwangwala. Tinaima kuseri kwa mabanki, n'kukwera masitepe a nyumba ina yosanjikana, mpaka pa khomo lojambulidwa nyenyezi ndi mwezi. Khomolo linatseguka, ndipo panatulukira bambo wamtali atavala mkanjo wofiirira, chipewa chosongoka, ndi ndevu zathonje zofika pamchombo.

"Takulandirani ku nyumba ya Mfiti Yaikulu!"

Zoti masewerawo ndi a afiti akazi anga sanandiuze. Apongozi anga ndi mtsogoleri wa amayi kumpingo kwawo, munthu amene anatenthapo kanjoka kapulasitiki ka mdzukulu wake n'kupemphera pa phulusa lake. Ndinayang'ana pansi n'kumadikira kumva masilipasi awo akutembenuka. M'malo mwake ndinamva mawu awo ali phee.

"Mwananga, ndevuzi mwamata ndi chiyani? Zikuyoyokatu."

"Ndi guluu, amayi," inayankha Mfiti Yaikulu ndi mawu ake enieni, aulemu ngati a kalaliki wa kubanki.

"Basi tiyeni. Mfiti yeniyeni sikhoma chikwangwani."

Bamboyo anatifotokozera malamulo. Zipinda zinali ziwiri zofanana. Otuluka ola lisanathe amawajambula n'kuwaika pa khoma la opambana, ndipo olephera amawaika pa khoma lina lolembedwa kuti Osanduka Achule, atawajambulira milomo yobiriwira. Apongozi anaima nthawi ndithu pa khoma la achulelo, ndipo ndinawamva akutsonya.

"Tigawane, tipikisane!" anatero a Wongani akusisita manja.

Ana onse atatu anathamangira kwa iwo ndi akazi awo, kuphatikizapo Chisomo wanga, magazi anga enieni. ("Adadi, inu mumachedwa kuganiza," anatero, pa tsiku limene ndinamugulira keke.) Mbali yathu tinatsala ine, akazi anga ndi apongozi. Sindinade nkhawa kwenikweni, chifukwa akazi anga ndiwo anali mlatho wathu wa masiku onse. Anatilanda mafoni n'kutiveka zipewa zosongoka ndi mikanjo. Mikanjo ya akuluakulu inathera pa ine, ndiye anandipatsa ka ana, kachikasu, kolekeza m'chiuno.

Tili pakhomo la chipinda chathu, Mfiti Yaikulu inatulutsa kadengu ka timitengo titatu kuti aliyense asolole kamodzi. Ka akazi anga kanali ndi nsonga yofiira.

"Eya! Mayi awa ndawagwira ine. Akakhala m'ndende yanga kuseri kwa chipindachi. Inu awiri muwapulumutse."

"Awiri ati?" ndinafunsa.

"Inu ndi amayiwa."

Ndinayang'ana akazi anga kuti anenepo kanthu. Iwo anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo akupita kundende kwawoko anatibayibitsa ngati munthu wokwera basi ya ku Joni. Tinalowa. Chitseko chinatsekeka, loko n'kulira kuti khee.

Chipindacho chinali ngati khitchini ya nyumba ya lendi. Munali mashelefu a mabotolo a madzi amitundumitundu, bokosi lalikulu lokhoma ndi loko wa manambala, kabati yokhomanso chimodzimodzi, chimphika chakuda chotulutsa utsi, tsache lopachika pakhoma, ndi wotchi ya manambala ofiira imene inali itayamba kale kubwerera m'mbuyo. Ine ndinachita chimene mkamwini aliyense wolongosoka akanachita. Ndinapita pakona, ndinayang'ana kukhoma, n'kunyonyomala.

Mphindi zisanu zinatha ndili pomwepo. Kumbuyo kwanga kunkamveka madirowa akutsegulidwa ndi mabotolo akugundana. Kenako sipika ya kudenga inatsokomola.

"Abwana a kamkanjo kachikasu, masewera ayambatu."

Ndinakweza dzanja kusonyeza kuti ndamva, koma sindinasunthe.

"Afiti akunja amaulukira tsache?" anatero apongozi, akulankhula ndi mphepo. "Lichero alibe? Umphawi wakenso."

Patapita kanthawi phokoso linasiya. Apongozi anatsokomola. Ine ndinatsokomolanso, kutanthauza kuti ndili pano. Iwo anatsokomola kawiri. Ndinazindikira kuti apeza kanthu ndipo akufuna thandizo, koma chifuwa sichifotokoza zambiri. Ndipamene ndinakweza maso n'kuona kuti pa shelefu ya kutsogolo kwanga pali kadzidzi wa nsalu, wamkulu ngati nkhuku, maso ake akuyaka ndi mabatire. Kwathu kadzidzi akatera padenga anthu sagona. Koma m'chipinda chimenecho iyeyo ndiye anali munthu wachitatu yekhayo.

"Akadzidzi," ndinatero ndi mawu otsika, "auzeni amayi kuti ngati pali chovuta, mkamwini alipo."

Ndinayamba kuganiza kuti ndalakwa kwambiri. Kenako yankho linabwera, mwaulemu wonse.

"Akadzidzi, muwauze bambo a Chisomo kuti pepala ndapezali ndi la Chingerezi, ndipo nthawi ikutha."

Mu sipika muja munamveka ngati munthu watsamwa ndi chimanga chokazinga.

Apongozi anatsitsa tsache lija n'kukankhira pepalalo pansi mpaka linafika pa chidendene changa. Linkanena kuti nambala ya bokosi ili m'mabotolo, tiwerenge ofiira, obiriwira, abuluu ndi achikasu motsatana. Ndinawauza akadzidzi. Ndisanamalize n'komwe, apongozi anali atayamba kale kupota loko. Mayi amenewa agulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu zaka makumi atatu, ndipo mulu amangouyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti muli angati. Loko anatseguka. Nthungululu imene inalira m'chipinda muja inagwedeza mabotolo, ndipo ine ndinaombera m'manja khoma.

Ndivomere kuti apa chinthu china chinayamba kundilowa. Mtima unkagunda ngati ndili kubwalo la mpira. Ndinkafuna kudziwa zimene zili m'bokosimo kuposa mmene ndinafunirapo chilichonse chaka chimenecho.

"Akadzidzi, afunseni kuti muli chiyani."

"Muwauze kuti muli tochi. Koma ikuwala moipa, ngati ya matenda."

Inali tochi ya kuwala kofiirira. Apongozi anaunika uku ndi uku, mpaka anafuula kuti pakhoma patuluka malemba amene poyamba sankaoneka. Malembawo anali a Chingerezi, ndipo anali kukhoma la mbali yawo. Khoma silikankhidwa ndi tsache. Panafunika kuti ine ndipite kumeneko, ndipo njira ya ulemu inali imodzi yokha, kuyenda chambuyo.

Ndinaimirira n'kuyamba ulendo. Phazi loyamba linayenda bwino, lachiwirinso chimodzimodzi.

"Akadzidzi, muwauze kuti kumanzere."

Ndinapita kumanzere.

"Kumanzere kwanga, osati kwawo! Iii, mphikawo!"

Mochedwa. Ndinagunda chimphika chija ndi msana, chinagubuduka, ndipo munatuluka achule apulasitiki osawerengeka amene anamwazikira chipinda chonse. Anali achule olira ukawaponda. Kuyambira pamenepo phazi langa lililonse linkalengezedwa. Ndikaponda, fwii. Ndikasuntha kuti ndimulambalale, wina fwii. Apongozi anasiya zodzera mwa akadzidzi pa mawu aliwonse n'kuyamba kungofuula ngati wothandizira lole yobwerera m'mbuyo pamsika: "Bwerani, bwerani, bwerani, imani! Pang'ono. Basi!" Ine ndikafika mbali ino iwo ankazungulira mbali inayo kuti tisayandikane, ndipo tinavina choncho mpaka ndinafika pakhoma, thukuta lili kamukamu.

Malembawo ankanena kuti yankho lili kuseri kwa nsalu yakuda. Nsaluyo inali pomwepo, pafupi ndi phewa langa. Ndi changu cha munthu amene wayamba kudziona ngati katswiri, ndinaikoka kamodzi.

Kuseri kwake kunali galasi lalikulu. M'galasimo munali ine, ndipo kumbuyo kwanga, chipewa chosongoka chitapendekeka pamwamba pa duku, munali apongozi. Maso awo anali m'maso mwanga.

"Pepani!" ndinakuwa, n'kudzigwetsa pansi pa achule atatu amene analira limodzi. "Akadzidzi, auzeni kuti sindinaone chilichonse!"

"Muwauze kuti ine ndaona. Folo, eyiti, wani. Zalembedwa kudenga chadodolido, zikuwerengeka m'galasimo. Asunthe, atsekereza kabati."

Ndinakwawa n'kupereka malo. (Pamene ine ndinkalira maliro a mwambo, mnzanga anali pantchito.) Kabati inatseguka, wotchi ikuonetsa kuti kwatsala mphindi khumi ndi zinayi. Apongozi ankapuma mofulumira n'kumang'ung'udza nyimbo ya kwaya, ija amaimba akamalowa ndi zopereka. Kenako analankhula ndi denga.

"Inu a ndevu, tatsala ndi zingati?"

"Chimodzi chokha, amayi."

"Chabwino. Chithunzi changa ine sichikapachikidwa pa achule. Anthu akumpingo amabwera m'tauni muno."

M'kabatimo munali kabatani. Atakadina, matabwa awiri anatseguka, lina kukhoma la kumanja, lina la kumanzere, ndipo pa lililonse panali chitsulo chowala chooneka ngati chikhatho. Pakati pake panali chitseko cha ndende. Mfiti Yaikulu inabwezeretsa mawu ake a ufiti n'kufotokoza.

"Mphamvu yotsegula ndende imayenda m'matupi a anthu ogwirizana! Mmodzi aike dzanja pa chitsulo ichi, wina pa icho, kenako mugwirane manja pakati. Musaope, sizipweteka."

Kuseri kwa chitseko kunamveka mawu a akazi anga, ofooka ndi kuseka: "Gwiranani manja, ine ndatopa muno!"

Kugwirana manja. Ine ndi apongozi. Agogo anga akanamva zimenezi akanadzuka kumanda kudzandimenya ndi mpini.

"Akadzidzi," ndinatero, "auzeni amayi kuti agwire tsache mbali imodzi, ine ndigwira mbali inayo."

Tinayesa. Chitseko sichinagwedezeke n'komwe.

"Mtengo sudutsa magetsi, abwana," inatero sipika.

Ndinatsitsa akadzidzi eniakewo. Ine ndinagwira phiko la kumanja, apongozi la kumanzere, aliyense atatambasula dzanja linalo kukhoma, nkhope yanga ili kumbali. Tinaima choncho ngati anthu okanganirana nkhuku. Palibe chinachitika. Kwa nthawi yoyamba mkhalapakati wathu anatikhumudwitsa.

Kunatsala mphindi zinayi. Ndipamene nzeru inandifikira, nzeru ija imene imabwera kwa munthu Mulungu akafuna kumuchepetsa. Ndinaganiza kuti ngati mphamvuyo imayenda m'thupi, thupi limodzi likhoza kukwana. Dzanja pa chitsulo ichi, phazi pa icho. Ndine wamtali ndithu, ndipo ku sekondale ndinkadumpha zingwe.

"Akadzidzi, auzeni amayi kuti apume. Mkamwini athana nazo."

Ndinavula nsapato. Ndinavula sokosi (inali ndi chibowo pachala chachikulu, koma panthawiyo chimenecho chinali chochepa). Ndinaika chikhatho pa chitsulo cha kumanja, n'kukweza mwendo kulozetsa ku chitsulo cha kumanzere. Kunatsala ngati dzanja limodzi. Ndinadzikoka. Kunatsala zala zitatu. Ndinapuma mwamphamvu n'kudzikokanso ndi mtima wanga wonse, ndi mwambo wanga wonse, ndi dzina la makolo anga onse a ku Mitundu.

Phweee!

Buluku linang'ambika kuchokera pa lamba wa kumbuyo mpaka kutsogolo. Ndinamva kamphepo ka fani kakulowa malo amene sikanaitanidwe. Kamkanjo kachikasu kaja, monga ndanena, kankalekeza m'chiuno. Ndipo popeza ndinkasunga mwambo mpaka mapeto, nkhope ndinali nditailozetsa kutali ndi apongozi, kutanthauza kuti mbali imene inawayang'ana inali inayo. Ulemu wanga womwewo ndi umene unandipereka.

Ndinauma mwendo uli m'mwamba. Wotchi inkaonetsa mphindi imodzi ndi theka. M'chipinda munkangomveka chule mmodzi amene ankatulutsa mpweya pang'onopang'ono pansi pa phazi langa.

Kenako apongozi anaphulika. Zaka zonsezo ndinali ndisanawamvepo akuseka chikhakhali. Anaseka mpaka kukhala pa bokosi, akumenya ntchafu, akuitana dzina la malemu amuna awo kuti adzaone. Ndili choncho, chinthu chofewa chinandigwera paphewa. Chinali chitenje chawo chapamwamba.

"Mangani m'chiuno."

Ndinamanga. Mawu amenewo sanadzere mwa aliyense.

"Bambo a Chisomo, tembenukani."

"Akadzi..."

"Asiyeni akadzidzi, atopa. Wokwata kwa mphezi saopa kung'anima. Bweretsani dzanja."

Ndinatembenuka. Ndinaika dzanja limodzi pa chitsulo, linalo n'kulipereka kwa iwo. Dzanja lawo linali laling'ono, lokhakhala, lofunda, ndipo anandigwira zolimba ngati mwana amene akumuwolotsa msewu. Magetsi anathwanima, belu linalira, utsi unatuluka pansi, chitseko cha ndende n'kutseguka. Akazi anga anagwera m'chipindamo misozi ili mbwee ndi kuseka. Wotchi inaima patatsala masekondi khumi ndi limodzi.

"Tawina! Tawina!" ankafuula apongozi akudumpha, ndipo dzanja langa sanalisiye. Analikweza m'mwamba ngati la wankhonya. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinadumpha nawo. Ndinakuwa kuposa iwo. Kwa masekondi angapo ndinali munthu wosangalala kwambiri mu Lilongwe yense, nsapato imodzi kuphazi, chitenje cha maluwa m'chiuno.

Chimwemwecho chinathera pakhomo. Titatuluka tinapeza chipinda chodikirira chitadzaza, anthu onse atayang'ana TV yaikulu ya pakhoma, ndipo pa TV-yo pankaoneka chipinda chathu, achule ali mbwee, akadzidzi atagona chagada. A Wongani ndi ana anali atatuluka kalekale, ndipo kuyambira pa ulendo wanga wa chambuyo anaonera zonse, mawu omwe akumveka. A Wongani anali atagona pa sofa akupempha madzi. Mfiti Yaikulu ndevu zinali zitachoka mbali imodzi. Panalinso banja lina limene linkadikira nthawi yawo, ndipo bambo wake ndinawazindikira, a Yusufu, amene ali ndi shopu ya nsalu moyang'anizana ndi kuntchito kwathu. (Mpaka lero ndikamadutsa amatulukira pakhomo n'kufuula kuti, "Akadzidzi, auzeni abwana kuti tawaona!" Area 2 yonse inadziwa pofika Lolemba masana.)

Anatijambula chithunzi cha opambana. Ine ndinamwetulira ngati mbuzi ya pamoto, kenako ndinatenga nsapato yanga n'kuzembera panja. Ndinakhala pa benchi ya m'khonde, ndipo apa ndiye chisoni chinandigwira chenicheni. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinkaposa nacho a Wongani ndinali nditachitaya pa ola limodzi. Ndawayang'ana apongozi m'maso, ndawagwira dzanja, ndawaonetsa zosaoneka. Ndinkaganiza za amayi a ku Nathenje aja akumva nkhaniyi pa chitsime, ndipo zingwe za nsapato zinkandikanika kumanga.

Ndinamva masilipasi akubwera. Apongozi anakhala pa benchi yomweyo, chipewa chikadali kumutu. Ndinayamba kunyamuka.

"Khalani."

Ndinakhala kumapeto kwenikweni, thako limodzi lili m'malere.

"Amayi, mundikhululukire. Mwambo ndauphwanya. Dzina limene munkanditchula nalo kumudzi ndaliipitsa."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, chifukwa misozi ya kuseka inali isanaume.

"Bambo a Chisomo, mwambo wanuwo wandidyetsa kuchipinda zaka khumi ndi chimodzi. Ndikabwera kwanu ndimamva mukuseka ndi ana pabalaza, ine ndili ndekha mbale ili pamwendo. Ndimalakalaka nditamva chimene mukusekacho. Koma ndiyambe ine, munthu wamkulu? Ndikangotsegula chitseko inu mwatulukira kale kuseri ngati ndili ndi mphere."

"Koma munkanditama, amayi."

"Nanga ndikanati chiyani? Anzanga akandifunsa za mkamwini, ndinkatama chimene ndinkachidziwa. Ine ndimadziwa nkhongo yanu basi. Mwayamba dazi, mukudziwa?"

Sindinkadziwa. Palibe anali atandiuzapo.

"Tandiyang'anani."

Ndinawayang'ana. Anandiunguza nkhope mosafulumira, monga amachitira ndi tomato wa munthu wina asananene maganizo awo. Ine posowa chochita ndinamwetulira.

"Kani mpata wa m'mano wa Chisomo uja ndi wanu?" anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi ine ndinkayesa anatengera malemu agogo ake."

Ndinali nditasunga ulemu mosamala kwambiri mpaka mayi ameneyu sankadziwa nkhope ya bambo wa mdzukulu wake. Ndinafuna kunena kanthu kanzeru, koma chimene chinatuluka n'chakuti chitenje ndichapa ndisanabweze.

"Muchape ndithu," anatero.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo. Inenso ndinkaganiza choncho. M'mawa mwake ndili pabalaza ndikumwa tiyi, chitseko cha kuchipinda chinatseguka, apongozi n'kutulukira ndi kapu yawo m'manja. Miyendo yanga sinandifunse. Pamene nzeru zimabwerera ndinali kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanika zovala, kapu ili m'manja, tiyi atatayikira pa malaya a kutchalitchi. Zenera linatseguka.

"Bambo a Chisomo, mwayambanso?"

Ndinazungulira n'kulowera khomo lakumaso. Ndinakhala pa mpando woyang'anizana nawo. Iwo anathira shuga, anatakasa, analawa, n'kuwonjezera wina.

"Tsopano tandiuzani," anatero, "kuntchito kwanuko mumapanga chiyani kwenikweni?"

Ndinawauza za makadi aukwati, za makina athu amene amatafuna mapepala kukatentha, za mkwati wina amene anasintha dzina la mkwatibwi makadi atasindikizidwa kale. Anaseka, anafunsa zina, ndinayankha, ndipo kutchalitchi tinafika ulaliki uli pakati. Nthawi yonseyo maso anga anali pa mbale ya shuga, koma pampando sindinachoke.